Mlambe ati ndi m'bale wa therere: zokambirana za pa gulu la Amalawi a m'magadeni ku Joni

Mwale (Honeydew): Mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi funso kwa inu amene munapita patali ndi sukulu. Ku nazale kwathu abwana atiuza kuti tisinthe timapepala tonse ta pa mitengo ya minga. Fever tree uja wa khungwa lachikasu, amene takhala tikulemba Acacia xanthophloea, panopa ati tizilemba Vachellia xanthophloea. Sweet thorn nayenso wasanduka Vachellia karroo. Makasitomala ena akuona ngati tabweretsa mitengo yachilendo. Kodi mtengo umasintha bwanji dzina uli chiimire pomwepo? Wasintha ndani?

Anaphiri (Rosettenville): Taswera a Mwale. Si inu nokha. Madamu anga anagula rosemary, kapepala kake kolembedwa Salvia. Anandituma kuti ndikabweze, a kusitolo akuti ayi ndi yemweyo.

Che Yusufu (Mayfair): Asintha dzina la mtengo kuti akweze mtengo, palibe china.

Gift (Diepsloot): Kkkkk Che Yusufu mwayamba. Tiitane Chikondi, paja za masamba ndiye zimene amaphunzira ku yunivesite ya Wits.

Aphunzitsi Nkhoma (Kempton Park): Podikira mwanayo ndiyambe ine, popeza Biology ndinaphunzitsa ndisanabwere kuno. Kusinthaku si kwa lero. Kalekale ku Greece kunali Theophrastus, zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe, iye ankangogawa zomera potengera msinkhu: mitengo, zitsamba zikuluzikulu, zitsamba zing'onozing'ono, ndi tomera tofewa. Kenaka kunabwera Carl Linnaeus wa ku Sweden, amene mu 1753 anakhazikitsa zoti chomera chilichonse chizikhala ndi maina awiri, ngati Zea mays pa chimanga. Pogawa magulu iye ankawerenga tinthu tachimuna ta m'duwa, tija timatulutsa mungu. Duwa lokhala ndi tiwiri gulu lake, titatu gulu lake, mpaka anapeza magulu 24. Njira yake inali yosavuta, aliyense wodziwa kuwerenga akanatha kuigwiritsa ntchito. Koma inkasonkhanitsa zinthu zosayenderana: fodya, khofi ndi karoti zinagwera m'gulu limodzi chifukwa zonse zili ndi tinthu tisanu. Mwiniwakenso ankadziwa kuti ndi njira yongothandiza kupeza dzina, osati yosonyeza chibale.

Mwale (Honeydew): Ndiye anaitaya?

Aphunzitsi Nkhoma (Kempton Park): Maina awiri aja anatsala mpaka lero, koma magulu 24 anatayidwa. Afalansa ndi amene anakonza. Michel Adanson, amene anakhalapo ku Senegal ndipo mlambe unatchedwa Adansonia potengera dzina lake, ananena kuti usamaweruze chomera ndi chinthu chimodzi, uziona zonse: duwa, chipatso, nthanga, tsamba. Mu 1789 Antoine Laurent de Jussieu anagawa zomera m'mabanja 100, ndipo ambiri mwa mabanjawo akadalipo. Pambuyo pake George Bentham ndi Joseph Hooker ku Kew, munda waukulu wa kafukufuku wa zomera ku London, anatulutsa dongosolo lawo pakati pa 1862 ndi 1883, a ku Germany Engler ndi Prantl nawonso lawo. Koma onsewa anasunga mzere waukulu umene John Ray anajambula kale Linnaeus asanatchuke, umene tonse tinaloweza ku sekondale: monocot ndi dicot. Chimanga chimamera ndi tsamba limodzi, nyemba awiri. Pamenepo palibe angasinthe.

Chikondi (Braamfontein): Ndafika, ndinali mu labu. Moni akuluakulu nonse. Aphunzitsi mwalongosola bwino kwambiri mbali ya kale, koma chiganizo chanu chomalizacho pepani, ndi chimene chinasintha kwambiri.

Aphunzitsi Nkhoma (Kempton Park): Iwe mwana, nyemba yayamba kumera ndi tsamba limodzi liti?

Chikondi (Braamfontein): Ikumerabe ndi awiri aphunzitsi. Chimene chinasintha ndi funso limene akatswiri amafunsa. Kale funso linali lakuti, kodi chikufanana ndi chiyani? Darwin atatulutsa buku lake lonena za chiyambi cha mitundu ya zamoyo mu 1859 funso linayamba kukhala lakuti, kodi chinachokera kwa kholo liti? Vuto linali lakuti kwa zaka zoposa 100 umboni unali womwewo wa maonekedwe, ndiye katswiri aliyense wotchuka ankakhala ndi dongosolo lake. Engler ankati maluwa osakongola, opanda tizigawo tambiri, ndiwo akalekale. Ena ankati ayi, akalekale ndi ofanana ndi magnolia. Takhtajan ku Soviet Union anali ndi lake, Cronquist ku New York anatulutsa lake mu 1981, ndipo mabuku ambiri a ku koleji ankatsatira la Cronquist. Mu 1993 Mark Chase ndi anzake oposa 40 anatenga kachigawo kamodzi ka DNA (chidindo cha chibadwa chimene chamoyo chilichonse chimatengera kwa makolo ake) kotchedwa rbcL, kamene kamathandiza tsamba kupanga chakudya, n'kukayerekezera pa zomera pafupifupi 500. Zimene zinatuluka zinagwedeza mabuku onse. Monocot anapezeka kuti ndi gulu lenileni, onse anachokera kwa kholo limodzi. Koma dicot ayi. Ambiri mwa iwo, pafupifupi atatu mwa anayi a zomera zonse za maluwa, ndi gulu limodzi limene pano timalitcha eudicot, ndipo chizindikiro chawo chili pa mungu, umakhala ndi timing'alu titatu. Koma pali ena amene amamera ndi masamba awiri amene makolo awo anapatuka kale kwambiri. Mapeyala, mpoza, magnolia, tsabola wakuda uja wa pa tebulo, amenewa ali m'gulu lawolawo lotchedwa magnoliid. Maluwa a pamwamba pa madzi a Nymphaea anapatuka kale kuposanso amenewa. Ndipo chitsamba china cha pa chilumba cha New Caledonia, Amborella, ndicho chinapatuka poyambirira pa zonse zimene zilipo lero.

Anaphiri (Rosettenville): Peyala lomweli nthanga yake imagawika pawiri bwinobwino ngati mtedza?

Chikondi (Braamfontein): Lomwelo mayi. Kugawika pawiri n'chinthu chakale chimene zomera zambiri zinangosunga. Sichikutiuza amene ali pafupi ndi mnzake.

Mayi Nachisale (admin): Ine ndamva chonchi. Anthu awiri akhoza kufanana nkhope mpaka kumawasokoneza pamsika, koma wina ndi Phiri wina ndi Banda. Ndipo mwana wa mchemwali wako akhoza kukhala wamtali iwe wamfupi, koma mbumba ndi imodzi. Ndiye awa anasiya kuyang'ana nkhope, anayamba kufunsa mfunda.

Chikondi (Braamfontein): Ndi zomwezo anti. Chitsanzo chimene a m'magadeni mumachiona tsiku ndi tsiku ndi naboom, Euphorbia ingens. Makasitomala amati cactus. Si cactus ngakhale pang'ono, ndi m'bale wa nkhadze, nsatsi ndi chinangwa, mukaicheka mkaka umatuluka. Cactus weniweni kwawo ndi ku America ndipo ali mbali imodzi ndi bonongwe. Zinafanana chifukwa zonse zinazolowera malo ouma.

Gift (Diepsloot): Cactus ndi bonongwe??? Achemwali mukutinamiza apa.

Chikondi (Braamfontein): Si banja limodzi, koma mabanja awo ali m'gulu limodzi lalikulu, Caryophyllales. Ndipo banja la bonongwe linameza banja la beetroot ndi spinach, pano zonsezi ndi Amaranthaceae.

Mwale (Honeydew): Chabwino, koma amene amagamula zimenezi ndani? Boma la dziko liti?

Chikondi (Braamfontein): Palibe boma ankolo. Pa nkhani ya mabanja, pali gulu la akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana lotchedwa Angiosperm Phylogeny Group, mwachidule APG. Anatulutsa dongosolo loyamba mu 1998, lachiwiri 2003, lachitatu 2009, lachinayi 2016. La 2016 lili ndi mabanja 416 m'magulu akuluakulu 64. Sakakamiza munthu, anthu amangolitsatira chifukwa umboni wake aliyense akhoza kuufufuza. Lamulo lawo lalikulu ndi limodzi: gulu lililonse likhale ndi kholo limodzi ndi zidzukulu zake zonse, osasiya wina kunja, osalowetsa mlendo.

Che Yusufu (Mayfair): Tatiuzani za zakudya zathu, za New Caledonia sitidzapitako.

Chikondi (Braamfontein): Kkkk chabwino Che Yusufu, ya kwanu ku Mangochi ndi iyi. Mlambe unali m'banja lotchedwa Bombacaceae. Denje anali mu Tiliaceae. Koko, amene amapangira chokoleti, anali mu Sterculiaceae. Therere lobala, thonje ndi chidede zinali mu Malvaceae. DNA inaonetsa kuti malire a mabanja anayiwa anali osokonekera, ndiye anawaphatikiza onse mu Malvaceae imodzi.

Che Yusufu (Mayfair): Mlambe wonse uja, anthu asanu osaukwanitsa kuuzungulira, m'bale wa therere?

Anaphiri (Rosettenville): Koma pamenepa ine sindikudabwa. Masamba anthete a mlambe timaphika ndipo amatelera chimodzimodzi. Agogo ankangoti therere, kaya ndi la denje, kaya lobala, kaya la mlambe. Ndipo luzi la mlambe timapota chingwe.

Chikondi (Braamfontein): Mwatchula zizindikiro zenizeni za banjalo mayi: kutelera kuja ndi ulusi wa m'khungwa. Denje amene timadya ndi wa mtundu wa Corchorus, womwe amapangira ziguduli za jute. Onaninso duwa la mlambe, tinthu ta mungu timalumikizana kukhala kamtolo pakati, duwa la therere ndi la hibiscus chimodzimodzi.

Aphunzitsi Nkhoma (Kempton Park): Ndiye agogo a Naphiri anatsogola.

Chikondi (Braamfontein): Pa therere anatsogola. Koma zina ngakhale agogo sakanaganiza. Papaya, chammwamba, luni, mpiru ndi kabichi zili m'gulu limodzi lalikulu, Brassicales. Maonekedwe akutali, koma zonse zili ndi mafuta ena owawa a mtundu umodzi. Tafunani nthanga ya papaya, mumva kuyabwa kwa mpiru. Nanazi ali mbali imodzi ndi chimanga, nzimbe ndi nsungwi. Masuku anali m'banja la chinangwa, anawachotsa n'kuwaika mu Phyllanthaceae. Anyezi ndi adyo anayamba mu Liliaceae, kenaka Alliaceae, pano ali mu Amaryllidaceae limodzi ndi agapanthus ndi clivia zimene mumadzala m'mbali mwa mipanda ku Sandton.

Gift (Diepsloot): N'chifukwa chake wild garlic amanunkha choncho, ndikamadulira manja amanunkha tsiku lonse.

Chikondi (Braamfontein): Tulbaghia, eee, nayenso ali momwemo. Ndipo iwe Gift uikonda iyi. White stinkwood, Celtis africana, amene ali m'misewu yambiri muno mu Joni, kale anali m'banja la elm. Pano ali mu Cannabaceae. Banja la chamba.

Gift (Diepsloot): Eeeee!! Ndiye ine tsiku lililonse ndimasesa masamba a m'bale wa chamba pageti pa abwana kkkkk

Mayi Nachisale (admin): Gift usayese kusuta, pano ndi pa gulu la anthu olemekezeka.

Chikondi (Braamfontein): Angotsokomola chabe anti, mulibe kanthu. Ina imene ine imandisangalatsa ndi ya protea, duwa la dziko lino. Makademiya amene amalimidwa ku Thyolo ali m'banja lomwelo, Proteaceae, izi zinkadziwika kale. Chimene palibe ankayembekezera n'chakuti abale apafupi a banjali ndi London plane, mitengo ikuluikulu ya khungwa lofundukafunduka ya m'misewu yakale ya Joni, komanso duwa la m'madzi la lotus. Lotus ankamuika pafupi ndi Nymphaea chifukwa onse amakhala m'madzi ndi masamba obulungira. Anapezeka kuti ali kutali kwambiri.

Mwale (Honeydew): Zonsezi n'zokoma, koma funso langa la Acacia silinayankhidwe.

Chikondi (Braamfontein): Ndinaisunga dala ankolo chifukwa muli nkhani ziwiri, ndipo anthu amazisakaniza. Yoyamba ndi ya sayansi. Acacia wakale anali ndi mitundu yoposa 1,000 ya ku Africa, Australia, Asia ndi America. Atafufuza anapeza kuti si gulu limodzi. Ma wattle a ku Australia ali pafupi ndi mitengo ina ngati Albizia kuposa mmene alili ndi fever tree. Ngakhale ya kuno ku Africa ndi magulu awiri. Ndiye kugawa kunali kosapeweka, ndipo pamenepa akatswiri ambiri amagwirizana. Yachiwiri ndi ya dzina: mukagawa, dzina lakale litsala kwa ndani? Malamulo amati limatsatira mtundu umene unaikidwa ngati muyezo, umene unali Acacia nilotica, wa kuno kwathu. Motero dzina likanatsala ku Africa. Koma akatswiri a ku Australia anapempha kuti muyezo usinthidwe ukhale mtengo wa kwawo, Acacia penninervis. Mfundo yawo inali yakuti mitundu pafupifupi 1,000 ili kwawo, kusintha maina onsewo ndi chintchito, komanso duwa la dziko lawo ndi wattle. Nkhaniyi inapita ku msonkhano waukulu wa akatswiri a zomera ku Vienna mu 2005. Oposa theka anavota kukana, koma oyendetsa msonkhano anati pamafunika 60 pa 100 alionse kuti chigamulo cha komiti imene inavomereza pempho la a ku Australia chigwe. Ndiye chinadutsa. Anthu a kuno anakwiya kwambiri, nkhaniyo inabwereranso ku Melbourne mu 2011, ndipo inatsimikizidwa.

Aphunzitsi Nkhoma (Kempton Park): Melbourne yake ya ku Australia komweko? Mlandu wa mbuzi kukaweruzira kwa fisi.

Chikondi (Braamfontein): Malo a msonkhano anasankhidwa kale aphunzitsi, koma ambiri ananena zomwe mwanenazo.

Mwale (Honeydew): Ndiye black wattle, amene boma lino limalipira anthu kuti azimudula chifukwa akuumitsa mitsinje, ndiye watsala ndi dzina la Acacia?

Chikondi (Braamfontein): Acacia mearnsii, eee ankolo. Mlendo wowononga uja ndiye Acacia weniweni pa malamulo. Mtengo wa ambulera uja amajambula dzuwa likulowa pa zithunzi za Africa ndi Vachellia tortilis.

Che Yusufu (Mayfair): Uku ndi kuba masana.

Chikondi (Braamfontein): Maganizo anga ndi akuti njira imene anatsata ku Vienna sinali yachilungamo. Koma tizinena zoona zonse. Ngakhale Africa ikanapambana, dzina likanatsala pa gulu la fever tree ndi sweet thorn lokha. Gulu linalo likanasinthabe kukhala Senegalia. Mthethe wathu uja, Senegalia polyacantha, ukanasintha mulimonse. Ndipo msangu unachoka kalekale, unkatchedwa Acacia albida, koma dzina lakuti Faidherbia linaperekedwa mu 1934, DNA isanabwere n'komwe, kungoti anthu anachedwa kulizolowera.

Mwale (Honeydew): Nanga ine ndi maso angawa ndingasiyanitse bwanji Vachellia ndi Senegalia? Ndilibe makina a DNA.

Chikondi (Braamfontein): Yang'anani minga ndi maluwa. Vachellia minga yake imatuluka iwiriiwiri patsinde pa tsamba, kawirikawiri yowongoka ndi yoyera, ndipo maluwa ake ambiri ndi timipira. Senegalia minga yake ndi yokhota ngati mbedza, yomera pakhungwa, ndipo maluwa ake ambiri ndi atali ngati kamchira. Knob thorn ndi monkey thorn ndi Senegalia. Alipo ena osatsata bwino, ngati tortilis amene ali ndi minga yowongoka ndi yokhota yomwe, koma pa mitengo ya mu nazale mudzalondola pafupifupi nthawi zonse. Pa kapepala mukhoza kulemba dzina latsopano, pansi pake lakale mwa zilembo zing'onozing'ono. Dzina lakale silinaletsedwe, ndipo kasitomala akati acacia musamutsutse.

Mwale (Honeydew): Izi ndiye ndimafuna. Za mingazi ndakhala ndikuziona chibwerereni, monkey thorn amakola malaya, sweet thorn amabaya phazi. Zikomo mwana wanga.

Anaphiri (Rosettenville): Nanga rosemary wa madamu anga?

Chikondi (Braamfontein): Ameneyo ndi lamulo lomwe lija koma yankho lake linapita mbali ina. Anapeza kuti pa chibale rosemary ali pakati penipeni pa gulu la Salvia. Panali njira ziwiri: kuphwanya Salvia n'kusintha maina mazanamazana, kapena kulowetsa rosemary ndi timagulu tina ting'onoting'ono mu Salvia. Mu 2017 anasankha yachiwiri, ndiye ndi Salvia rosmarinus. Mother-in-law's tongue chimodzimodzi, anali Sansevieria, pano ali mu Dracaena. Tomato ndiye anazungulira n'kubwerera. Linnaeus anamutcha Solanum lycopersicum mu 1753, Philip Miller anamuchotsa n'kumutcha Lycopersicon esculentum, anthu anagwiritsa dzinalo zaka zoposa 200, DNA inamubwezera mu Solanum pafupi penipeni ndi mbatatesi.

Aphunzitsi Nkhoma (Kempton Park): Apa ndi pamene ine ndikukayikira. Ngati tomato anapita n'kubwerera, ngati APG yatulutsa madongosolo anayi m'zaka 18, mawa adzasinthanso. Tizikhulupirira bwanji? Tandiuza za aloe, paja ndinamva kuti wasamukasamuka.

Chikondi (Braamfontein): Aloe ndiye chitsanzo chimene ife timachita nacho manyazi. Anali mu Liliaceae, kenaka Aloaceae, kenaka Asphodelaceae, mu 2009 anaikidwa mu Xanthorrhoeaceae, mu 2016 n'kubwerera ku Asphodelaceae. Pamwamba pa apo mu 2013 anagawanso mtundu wa Aloe, ndiye tree aloe ndi quiver tree pano ndi Aloidendron, fan aloe ndi Kumara. Koma muone bwino aphunzitsi. Pakati pa 2009 ndi 2016 abale a aloe sanasinthe, zomera za m'banjamo ndi zomwezo, anangosintha dzina la banja. DNA imatiuza amene ali pafupi ndi mnzake, ndipo mbali imeneyo yakhazikika ndithu. Koma DNA siinena kuti banja lithere apa. Kaya mupange banja limodzi lalikulu kapena ang'onoang'ono atatu, amasankha ndi anthu, ndipo anthu amakangana. Kusintha kwa 1998 kunali kwakukulu, kwa 2016 kunali kochepa.

Aphunzitsi Nkhoma (Kempton Park): Ndiye ukuvomera kuti pena ndi zofuna za anthu.

Chikondi (Braamfontein): Malire ndi maina, eee. Chibale, ayi.

Aphunzitsi Nkhoma (Kempton Park): Hmm. Pa chibale ndakumva. Pa Acacia sindidzagwirizana nazo mpaka kumanda.

Gift (Diepsloot): Funso langa ndi lakuti zimenezi zimathandiza chiyani munthu wa ganyu ngati ine? Kapena mayi anga ku Dedza?

Chikondi (Braamfontein): Mayi ako akudziwa kale kuti pamene panali tomato sadzalapo mbatatesi, chifukwa chiwawu chake ndi chimodzi. Fodya, tsabola ndi mabiringanya ndi banja lomwelo. Kudziwa banja kumathandiza pa kasinthasintha wa mbewu, pa kumezanitsa, komanso pofufuza mankhwala. Tenga kaufiti. Anali mu Scrophulariaceae pamodzi ndi maluwa wamba. Pano anasamutsidwira ku Orobanchaceae, komwe kuli tomera tinzake toyamwa mizu ya zomera zina, ngati Alectra amene amapha khobwe. Zinaoneka kuti khalidwe loyamwali linayamba kamodzi m'banjamo. Ndiye zimene ofufuza apeza pa mmodzi, monga zoti nthanga yake siimera mpaka itamva timadzi tochokera ku muzu wa mbewu, amadziwa koti akaziyesenso.

Mwale (Honeydew): Ku nazale zimathandizanso pa nthaka. Banja la protea lonse silifuna feteleza wa phosphate wambiri, kaya ndi pincushion kaya grevillea. Anyamata atsopano amathira wa kapinga n'kupha mbande zonse.

Chikondi (Braamfontein): Mwaona ankolo, mumagwiritsa kale ntchito mabanja.

Mayi Nachisale (admin): Ine ndinaona pa nyuzi kuti asinthanso maina ena chifukwa ndi otukwana. Ndi nkhani yomweyi?

Chikondi (Braamfontein): Msonkhano wake ndi womwe uja wa Vienna ndi Melbourne, umachitika pakatha zaka zingapo. Mu 2024 unali ku Madrid, ndipo anavota kuti maina oposa 200 okhala ndi mawu akuti caffra, ochokera ku chipongwe chija tonse tikuchidziwa m'dziko lino, akhale afra. Coral tree wa kugombe pano ndi Erythrina afra, Kei apple ndi Dovyalis afra. Imeneyi siikhudza chibale, palibe chomera chimene chinasamuka. Msonkhano wotsatira ukuyembekezeka ku Cape Town mu 2029.

Che Yusufu (Mayfair): Ndiye tikabweze Acacia wathu kumeneko, tichite hayala basi.

Gift (Diepsloot): Aphunzitsi akhale wotiyankhulira kkkk

Chikondi (Braamfontein): Ine ndikuona kuti yatha imeneyo Che Yusufu, mabuku atsopano a mitengo ya kuno anasintha kale. Amene amavutika ndi a m'nyumba zosungira zomera zouma, ngati C.E. Moss Herbarium kuno ku Wits, National Herbarium ku Pretoria, kapena ya kwathu ku Zomba. Zomera zimasungidwa m'makabati motsatira mabanja, ndiye banja likasamuka pamafunika anthu onyamula mafayilo. Flora Zambesiaca, mabuku ofotokoza zomera za Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi Botswana, anayamba kutuluka mu 1960 motsatira dongosolo la Bentham ndi Hooker. Ukamafuna mlambe m'menemo umaupeza pansi pa Bombacaceae. Ife ophunzira timayenera kudziwa madongosolo onse awiri.

Anaphiri (Rosettenville): Nanga jacaranda? Okutobala ukafika Joni yonse imasanduka yapepo, m'bale wake kwathu ndani?

Chikondi (Braamfontein): Kwawo ndi ku South America, koma banja lake ndi la mvunguti, Bignoniaceae. Ameneyu sanasamuke, maonekedwe ndi DNA zinagwirizana. Ndipo zotero ndi zambiri, tisaone ngati akale ankangolakwitsa. Banja la udzu, la nyemba, la mpendadzuwa, la maungu, onsewa anakhalabe. Banja la nyemba anangokonza m'kati mwake mu 2017, timagulu titatu tinakhala tisanu ndi kamodzi, bwemba ndi mitengo ya mombo zili m'kagulu kamodzi.

Che Yusufu (Mayfair): Nanga mkungudza wa pa Mulanje?

Aphunzitsi Nkhoma (Kempton Park): Umenewo ndiyankhe ine. Widdringtonia whytei suchita maluwa, uli kumbali ya paini. Sulowa n'komwe m'nkhani ino.

Chikondi (Braamfontein): Malikisi onse aphunzitsi.

Aphunzitsi Nkhoma (Kempton Park): Ndiye tandiuza Chikondi. Ndili ndi mphwanga ku Kasungu akukonzekera mayeso a Fomu 4. Buku lake likuti zomera za maluwa zili m'magulu awiri, monocot ndi dicot. Funso limenelo likabwera alembe chiyani?

Chikondi (Braamfontein): Alembe za m'buku lake. Mitsempha ya tsamba, mizu, tizigawo ta duwa titatu kapena tinayi ndi tisanu, zonsezo zimagwirabe ntchito pa chimanga ndi nyemba, ndipo wochonga ali ndi pepala la mayankho m'manja.

Aphunzitsi Nkhoma (Kempton Park): Akamufunsa kuti peyala lili gulu liti?

Chikondi (Braamfontein): Dicot. Za magnoliid adzakumana nazo ku Chanco kapena ku Bunda akakhoza.

Gift (Diepsloot): Akangolemba Amborella alephera, mudzamulipirire fizi yobwereza ndinu achemwali.

Mayi Nachisale (admin): Chikondi utitumizire mndandanda wa Vachellia ndi Senegalia pa gulu pano, ambiri akuufuna. Ndipo amene simunapereke ya chipereganyu ya mwezi uno, Lachisanu ndi lomaliza.